Mbedza za Ababa Pamimba pa Dironi

Kwathu ndi ku Nsanje, cha ku Makhanga, kumene madzi akabwera timapita ku chigayo pa bwato. Ababa anga anali msodzi wa mbedza. Ndikutchula mbedza dala, chifukwa asodzi a ukonde iwo sankawawerengera. Ankati ukonde umangokokolola, pamene mbedza imafuna munthu wodziwa kunyengerera. Ubwana wanga wonse ankapalasa kuwoloka mtsinje n'kukaima pa dziwe lina lakuya, m'mbali mwa bango la patsidya. Dziwelo ankalitcha lawo, ngakhale ng'ona za pamenepo sizinanenepo kuti zavomera. Milamba ya m'dziwe limenelo ndi imene inatilera ana tonse asanu.

Kenako sitiroko inawagwetsa masana ena ali padooko. Moyo unatsala, pakamwa panabwerera, koma mkono wamanzere unangolendewera, ndipo mwendo wa mbali yomweyo ankachita kuukoka. Amayi sanafunse munthu nzeru. Anaitana amuna anayi, bwato, limene kwathu timati mwadiya, analivuula, anadzalivundikira kuseri kwa nyumba, nkhafi n'kuisomeka kudenga la khitchini. Mwezi usanathe nkhuku zinali zitayamba kuikira pansi pake. Ababa ankaziona zonsezi ali pampando pansi pa mtengo wa nimu, osatsutsa.

Chimene anachita n'kusiya kudya nsomba. Amayi ntchito yawo ndi yowamba nsomba n'kukagulitsa, ndiye pakhomo pathu nsomba sinasowepo, kungoti tsopano inali yopikula kwa asodzi ena. Akaiika pambale, Ababa ankaikankhira kumbali ndi chala. Ankati pakhomo pawo sangadye nsomba yogwira mwamuna wina. Poyamba tonse tinkaseka, tikumati njala iwalangiza. Njala inalephera. Chaka chinatha munthu akudyera kholowa ndi therere, malaya akukula, mawu akuchepa, mpaka tsiku lina Amayi anandiimbira foni.

"Bwera udzawaone abambo ako," anatero. "Dzulo tsiku lonse alankhula mawu awiri, ndipo onse awiriwo amauza nkhuku."

Anayesa kuseka, koma ndinamva kuti ali ndi mantha. Nanenso ndinachita mantha.

Ine ndine mwana woyamba, wamkazi, ndipo ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe ku Nchalo. Masiku ano akwati sakhutira ukawajambula kutsogolo kokha, amafuna aonekenso kuchokera kumwamba ngati munda wa nzimbe, ndiye ndinagula dironi kwa munthu amene anatopa nayo, kandege ka timapiko tinayi kokwana m'chikwama. Pa foni ndinali nditaonapo anthu a kunyanja zikuluzikulu akuituma kukaponya nyambo kutali, iwo ali chiimire pamchenga. Ndinaganiza kuti ngati Ababa sangapite ku dziwe lawo, chingwe chawo chikhoza kupita. Ndinanyamula chikwama n'kukwera minibasi, kenako kabaza, kenako bwato la eni.

Nditafika ndinawafotokozera Ababa. Dironi ndinaiyatsa pabwalo. Inalira, inakwera, nkhuku zinabalalika, fumbi linalowa m'nsomba zimene Amayi anayanika.

"Bemberezi," anatero Ababa, ndipo limenelo linakhala dzina lake mpaka lero. "Ndiye bemberezi ameneyu akudziwa pamene pali dziwe langa?"

"Mumuuza ndinu, Ababa. Ine ndingomuyendetsa."

"Nkhabe," anakana m'Chisena, monga amachitira akafuna kuti kukanako kulemere. "Nsomba sinyengedwa ndi chinthu chaphokoso."

Koma patapita kanthawi anapempha Amayi kuti awatulutsire thumba lawo la mbedza. Amayi anandiyang'ana, ine ndinayang'ana nkhuku.

M'mawa mwake tinayala mphasa n'kuyamba kumanga. Chinthu chake n'chosavuta ukachimvetsa. Chingwe chowedzera Ababa amachikulunga pa botolo la pulasitiki, ndipo ukalozetsa botololo kutsogolo chingwe chimatuluka chokha. Kumapeto kwake kumakhala mbedza ndi cholemetsa choti zimire. Povuta ndi pamene chingwecho chikumana ndi dironi. Sungachiike pafupi ndi timapiko, chikhoza kukodwa, ndiye ndinadula kachingwe kena kotalika ngati mkono ndi theka, ndinakamanga ku miyendo yonse iwiri kuti katundu alendewere pakati penipeni pa mimba, kunsi kwake n'kumangako pegi yoyanikira zovala. Pegiyo ndi imene imaluma chingwe cha Ababa, pamwamba pang'ono pa mbedza. Dironi ikafika pa dziwe, wowedza amagwira chingwe kuti chisapitenso, dironi imasuntha pang'ono kutsogolo, pegi imalephera kugwira n'kutaya. Mbedza zimagwera m'madzi, dironi imabwerera chimanjamanja. Nzeru yonse yagona pa kutayako.

Ababa zonsezi anazimva ndi khutu limodzi. Iwo mtima unali pa kuchuluka kwa mbedza. Anayala khumi pamphasa, pambali pake pulagi yakale ya njinga yamoto yoti ikhale cholemetsa. Ndinawauza kuti bemberezi akasenza zonsezo sadzuka pansi.

"Ndiye anakugulitsa wodwala," anatero.

Tinanenerera ngati pamsika. Iwo anatsika kufika zisanu ndi ziwiri, ine ndinakwera kufika ziwiri, Amayi anadutsa ndi lichero n'kunena kuti zitatu, nkhani inathera pomwepo. M'malo mwa pulagi tinaika nati yaing'ono ya njinga. Mfundo zonse ndinamanga ndine, iwo akundiuza: zunguliza kasanu, lowetsa, nyowetsa ndi malovu, koka. Iliyonse ankaitenga ndi dzanja lawo labwino, kuitembenuza uku ndi uku, n'kuiika pansi mwachisoni ngati aphunzitsi akubweza pepala la mwana wolephera. Chiyambire kudwala ndinali ndisanawamvepo akulankhula chonchi, ndiye ndinalola kunyozedwa.

Koma pegi ija sanaikhululukire.

"Mwanawe, ichi ninji?"

"Ndi pegi, Ababa."

"Ndikuiona kuti ndi pegi. Mwera ukaomba malaya anga timakawatola kwa aneba chifukwa cha pegi yomweyi. Lero ndiye isunge mbedza zanga pamwamba pa Shire?"

Ndinawafotokozeranso kuti ntchito yake ndi yomweyo, kugwira pang'ono kenako kutaya. Tinayesa pabwalo. Dironi inanyamula nati, ndinagwira chingwe, pegi inataya, nati inagwera pa malata a khitchini, Amayi anatuluka akuitana dzina la Yesu. Ine ndinaona kuti zatheka. Ababa anaona kuti mbedza zawo zagwa. Munthu amene zaka makumi anayi anakhala akumanga mfundo zoti zisamasuke ngakhale mlamba uvute bwanji, kwa iye chinthu chotaya katundu ndi chinthu chowonongeka basi. Anati, "Pyadidi," kutanthauza kuti zili bwino, koma ananena diso lili pa pegi. Ndikanakhala wochenjera ndikanadziwiratu.

Tinapita kumtsinje tsiku lotsatira dzuwa lisanakule. Ababa anayenda okha ndi ndodo, pang'onopang'ono, ine mpando uli pamutu, Amayi pambuyo ndi chitini cha nyongolotsi, akulengeza njira yonse kuti iwo angoperekeza, za misalazi sakuzidziwa. Tinasankha gombe la kumtunda kwa dooko kuti anthu asatiunjirire. Munthu mmodzi yekha ndi amene anatipeza, mnzawo wa Ababa wa kuubwana, msodzi wa ukonde, mdala wa mano atatu ndi pakamwa posatopa.

"Shamwali," anatero, "ndinamva kuti mwadiya wako unasanduka khola la nkhuku. Tsopano wagula ndege?"

"Khala pansi uphunzire," anayankha Ababa.

Dziwe lija linkaoneka patsidya, madzi ake akuda bii, kutalika kwake ngati kuchokera pagolo kukafika pagolo lina. Pakati panali madzi othamanga, ndi tizilumba ta namasupuni tikuyandama kulowera kumunsi. Ine ndinkagwira mbedza, Ababa akulowetsa nyongolotsi. Ndinalumitsa chingwe ku pegi, dironi ndinaiika pamphasa pafupi ndi mapazi awo, botolo n'kuwapanitsa pakati pa mawondo.

Kuwala kwa kuchigwa kuno sikulola munthu kuona pa foni. Ndiye ndinadziphimba kumutu ndi chitenje, pamodzi ndi foni ndi rimoti, kudikira kuti makina amvane. Zinatenga mphindi zingapo. Ndili m'chitenjemo ndinamva mdala uja akuseka chapansipansi, kenako anati, "Eya, tsopano ndiye zaoneka za msodzi." Ine ndinkaganiza kuti akuyamikira nyambo. Ndinavundukula, ndinasunthira dironi kutsogolo osayang'ananso kunsi kwake, n'kuinyamutsa.

Inapita bwinobwino, mbedza zitatu zikulendewera, chingwe chikutuluka pa botolo. Ababa ankalozera ndi chibwano.

"Kumanja. Kumanjabe. Pita. Pita. Pamene pali bango lopindikalo. Ima!"

Mawu ake anali akale aja, a munthu wolamula bwato.

"Gwirani chingwe, Ababa!"

Anagwira. Ndinakankhira dironi kutsogolo pang'ono. Palibe chinagwa. Ndinakankhanso. Chingwe chinauma gwa, dironi inapendekera mbali imodzi, ikulira ngati mbuzi yomangidwa imene yaona msipu. Ndinayesa kuibweza m'mbuyo, koma chingwe chinalefuka, mphepo inachiulutsira m'mwamba, chinakakola kapiko kamodzi. Inazungulira kawiri n'kugwa. Mwayi wake inagwera pa kachilumba ka namasupuni, osati m'madzi enieni, ndipo kachilumbako kanayamba ulendo wa ku Mozambiki katasenza ntchito yanga yonse.

Ndinalanda botolo n'kuyamba kukoka. Chingwe sichinaduke ndipo sichinamasuke. Mbedza zinali zitakola mizu ya namasupuni, ndiye kachilumba konse kanayamba kubwera pang'onopang'ono, ine ndi mdala wa mano atatu tikulandizana kukoka, mpaka kanagunda gombe. Ndinalowa m'matope mpaka m'mawondo, Amayi akukuwa za ng'ona, ndinaitola. Kapiko kamodzi kanali katathyoka, kumimba madzi ali chuchuchu. Ndipo pamwamba pa pegi panali mfundo. Chingwe cha mbedza chinali chitamangidwa ku kachingwe ka dironi ndi mfundo yooneka bwino, yozungulira kasanu, yothina, pegi ikungolendewera pambali yopanda ntchito.

Ine ndili ndi mtima wapachala. Ndinalankhula. Ndinawauza kuti chinthu chimenechi ndi chimene chimandidyetsa, kuti Loweruka ndili ndi ukwati wa eni, kuti ntchito ya pegi ndinawafotokozera kawiri konse. Ndipo ndinanena mawu amene mpaka lero ndikawakumbukira ndimachita manyazi. Ndinati tsabola wakale sawawa, zinthu zinasintha, aphunzire kukhala pansi. Ndinanena zimenezi pamaso pa mnzawo ndi pamaso pa mkazi wawo.

Mdala uja anasiya kuseka, anatsanzika ndi ulemu umene sindinkadziwa kuti ali nawo. Ababa sanandiyang'ane. Anangoti, "Ikanakhala pegi yako, bemberezi bwenzi pano ali ku Marka, kumalire a Mozambiki." Zinali zoona mbali imodzi, ndipo zinangondiwonjezera ukali. Tinalongedza n'kubwerera.

Kunyumba ndinachotsa batire, ndinapukuta matope, dironi n'kuikwirira m'thumba la mpunga kuti uyamwe chinyezi. Amayi anati mpunga umenewo ndi wa Khirisimasi, alendo akadzamva fungo la mafuta a ndege ndidzayankhe ndine. Kenako ananditengera m'khitchini ngati akufuna ndiwathandize kutembenuza nsomba pawaya.

"Mfundo ija waiona?" anafunsa.

"Ndaiona. Ndi imene yandiwonongera katundu."

"Amanga ndi manja angati?"

Ndinasiya kutembenuza nsomba.

"Dzanja limodzi ndi mano," anatero Amayi. "Miyezi yonseyi akakhala pansi pa nimu paja, ukuganiza ulusi wa m'matumba anga umapita kuti? Amamanga, imakana, amataya, amayambanso. Ndikayandikira amabisa pansi pa ntchafu, ine ndimakhala ngati sindinaone. Ya lero ija ndi yoyamba kugwira."

Ndinatuluka kukaifuna mfundo ija pamene ndinaidula n'kuitaya. Ndinaipeza m'fumbi. Pa chingwe panali madindo a mano. Ndisaname, ndinapita kuseri kwa bwato lija n'kulira, nkhuku zikundiyang'ana.

Kwathu mwana sapepesa bambo ake ali chiimire. Ndinagwada pambali pa mpando wawo.

"Ababa, ndalakwa. Pakamwa panga panathamanga."

Anandisiya ndili chigwadire mpaka mawondo anga anayamba kumva timiyala.

"Pakamwa pamenepo ndi pa amako," anatero.

"Ndamva!" Amayi anayankha ali m'khitchini.

Anandilozera mphasa kuti ndikhale. Kenako anati, "Tandiuzanso bwino. Bemberezi wakoyu akufuna chinthu chogwira, koma chikakokedwa chitaye?"

"Eya, Ababa."

"Nanga bwanji sunanene kuti ukufuna bango?"

Anandifotokozera kuti kale akafuna kutchera zingwe zingapo m'mbali mwa madzi, ankazika bango, kuling'amba kunsonga, chingwe n'kuchipanitsa mu mng'aluwo. Nsomba ikakoka, chingwe chinkapulumuka, bango n'kugwedezeka, munthu n'kudziwa kuti chingwe chakuti chadya. Ndinati nanga si chimodzimodzi ndi pegi. Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi.

"Pegi ndi ya zovala," anatero.

Sindinatsutse. Ndinali nditaphunzira.

Masiku atatu amene dironi inagona mu mpunga, ife tinali pa bango. Anati lisakhale laliwisi chifukwa limagwira kwambiri, lisakhale louma chifukwa limasweka. Likhale ngati chala chaching'ono, ulidule pansi pa mfundo yake, uling'ambe kuchokera kunsonga, mfundo ya bangoyo ndi imene iletse mng'alu kupitirira. Pakati umangepo ulusi: ukausunthira kunsonga limaluma kwambiri, ukaubweza limafewa. Ine ndinkang'amba, iwo ankayesa. Ankaluma bango ndi mano, kupanitsa chingwe, kukoka ndi dzanja, maso atatseka, kenako n'kulilavula. "Ili ndi laulesi." "Ili ndi laumbombo." Bango lachisanu ndi chimodzi ndi limene anavomera. Ndinalimanga pa kachingwe kaja pamene panali pegi, ndipo pegi Amayi anaibwezera ku zovala.

Dironi inadzuka. Ndinaika kapiko kena kamene ndimasunga, inakwera, kungoti kamera inali ndi kankhungu pakona. Akwati a Loweruka lija mpaka lero amaganiza kuti kankhunguko ndinaika dala kuti zikongole.

Lachisanu m'mawa tinabwereranso pa gombe lomwe lija, atatu okha. Nthawi ino ndisanalowe m'chitenje ndinayang'ana Ababa, iwo anakweza dzanja m'mwamba kuti ndione kuti lilibe kanthu. Dironi inawoloka, inaima pa bango lopindika, Ababa anagwira chingwe, ndinakankha pang'ono. Kabango kanataya. Tinaona madzi akuda aja akuthovoka pamene nati inagwera.

"Ehe," anatero Ababa.

Anakulunga chingwe pa chala cholozera n'kukhala. Sikunali kukhala kwa pansi pa nimu kuja. Mutu unali utapendekera pang'ono, ngati munthu amene akumvetsera pakhomo la eni. Dzuwa linakwera. Amayi anayamba kudandaula za nsomba zawo zimene anazisiya pamoto. Patapita nthawi Ababa anati nyambo yadyedwa, ndikulunge chingwe. Zinali zoona, mbedza zinabwera zili mbee. Tinatumizanso kachiwiri, zinabwera chimodzimodzi. Mabatire ndili nawo awiri okha, ndipo lachiwiri linali litayamba kuphethira. Ndinawauza kuti ulendo wotsatira ndi womaliza. Mtima wanga unali m'malere, chifukwa mawa lake ndinayenera kuchoka, ndipo ndinkadziwa kuti ndikawasiya opanda nsomba abwerera pampando paja osadzukanso.

Ulendo wachitatu anandiuza kuti ndipitirire bango lopindika lija pang'ono, pamene madzi amazungulira. Kabango kanataya. Tinadikira. Kenako ndinaona chala chawo chikunjenjemera, kamodzi, kawiri. Sanasunthe. Kachitatu anagwedeza dzanja mwamphamvu kumbuyo.

"Alipo," ananong'ona.

Apa ndi pamene panatulukira vuto limene tonse atatu sitinaliganizire. Chingwe cha pamanja chimakokedwa ndi manja awiri, lina kukoka lina kulandira. Ababa anakoka mpaka dzanja linafika paphewa, ndiye panalibe wolandira. Atasiya kuti agwire kutsogolo, nsomba inatenga chonse chimene anakoka. Anayesanso, inatenganso. Anafuna kulandira ndi mano, Amayi anakuwa kuti asiye, angafanane ndi mnzawo uja. Ine ndinaponya rimoti pamphasa n'kuthamangira chingwe.

"Nkhabe!" anakalipa. "Ukakoka iwe ndi yako."

Ndinaima manja ali m'mwamba. Thukuta linali likuyenderera m'khosi mwawo, chingwe chikudula chala, ndipo ndinaona kuti mphamvu zikutha.

Amayi anaika chitini pansi. Pa zaka zonse za ukwati wawo anali asanagwirepo chingwe cha Ababa, iwo nsomba ankailandira padooko itafa kale. Anapita kukagwada kumanzere kwa mpando, mbali imene mkono unkalendewera.

"Ine sindikoka," anatero. "Ndingosunga. Kokani inuyo."

Ababa anawayang'ana kamphindi, kenako anakoka mpaka paphewa.

"Gwirani!"

"Ndagwira."

Anasiya, anagwira kutsogolo, anakokanso.

"Gwirani! Musakoke, ndati gwirani!"

"Akukoka ndani? Inu kokani, musandilalatire."

"Mwalekerera!"

"Chikuterera, nanga ndichite kumeza?"

Anakangana choncho kuchokera patsidya mpaka tsidya lino, mkono umodzi umodzi, chingwe chonyowa chikuunjikana pa chitenje cha Amayi. Chinthucho chinkalemera zedi. Ine ndinali nditayamba kale kuganiza kuti tichinyamula bwanji, mwina tiitane njinga. Chitafika pagombe, choyamba kutuluka chinali mulu wa namasupuni wokwana dengu. Ndinaukankha ndi phazi. Pansi pake panali mlamba, wamoyo, ndevu zikugwedera, wotalika kuchokera pachigongono kufika pachikhatho.

Amayi anauyang'ana ndi diso la pamsika.

"Uyu ndikanamupeza padooko sindikanapikula," anatero, akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

Ababa ankapuma mwabefu, akuseka ndi mbali imodzi ya pakamwa. "Takhuta," anatero m'Chisena, osanena kuti akuthokoza ndani.

Ndinachotsa mbedza, ndinabaya kabango m'makha mwake n'kukapinda kuti pakhale ponyamulira. Ndinati ndiike nsombayo m'chitini, koma iwo anakana. Anaimirira, anatenga ndodo ndi dzanja lamanja, kenako anandilozera ndi chibwano dzanja lamanzere, limene zala zake sitiroko inazipinda.

"Pachika apa."

Ndinapachika. Zala zinasunga.

Njira ya kunyumba inali kumanja, yaifupi. Iwo anakhotera kumanzere, njira yodzera padooko. Amayi anati ndi kutali, dzuwa lakula, munthu wodwala sachita zimenezo, koma ankanena akutsatira. Tinayenda pambuyo pawo, ine mpando pamutu, chikwama kumsana, iwo patsogolo, ndodo, mwendo, ndodo, mwendo, mlamba ukuwamenya pabondo. Ulendo wa mphindi khumi unatitengera pafupifupi ola.

Padooko asodzi anali pamthunzi akusoka maukonde. Anasiya kusoka. Mdala wa mano atatu uja anaimirira, anayang'ana nsomba, anayang'ana mnzake.

"Shamwali, ameneyo wagula kwa ndani?"

Ababa sanaime. "Kafunse kudziwe kwanga," anatero.

Titapitirira dooko, anthu atatsala m'mbuyo, Ababa anaima kuti apume. Anatsamira ndodo, osatembenuka.

"Amayi ake," anatero, "ameneyu musamuwambe. Mumuphike lero lomwe, ndi matimati. Ndamva njala."